Malo a amayi anga ndinapatsa Hamish

Ine Tahlia Pascoe, mwini digiri ya zamalamulo yomwe pakadali pano ndimatsekera zenera kuti lisamamenyeke ndi mphepo, ndikupereka dandaulo langa pamaso pa nonse onditsatira. Woimbidwa mlandu woyamba ndi mbalame ina ya kunyanja, ya mwendo umodzi, yomwe inanditsomphola chipisi m'manja Lachiwiri lina masana, popanda chenjezo, popanda kupepesa.

Ikanapanda mbalame imeneyo, anzanga, Hamish sindikanamudziwa.

Nthawi imeneyo maloya omwe ndinkawagwirira ntchito anali atatichotsa chifukwa cha mliri, ndiye ndinapeza ganyu kugombe kwathu kuno: kuvala chijekete chachikasu, kuwerenga anthu, ndi kukuwa kuti atalikirane. Anthu a ku Melbourne anali atathawira m'nyumba zawo za tchuthi, aliyense akulumbira kuti ndi wakuno chibadwire.

Hamish, wokonza maboti, anali pa benchi ina pafupi nane. Anaseka mpaka masiki inatsikira pachibwano.

"Imangeni, bwana! Si ndinu aboma?"

"Kweza masikiyo iwe, ndisanayambe ndi iweyo."

"Tengani changachi. Ndachiika pakati, palibe waphwanya lamulo."

Ndinadya. Musandiweruze, inali njala.

Tinayamba kuyendera limodzi m'mphepete mwa madzi pa nthawi yololedwa kutuluka. Kenako lamulo linafewa pang'ono: munthu wokhala yekha analoledwa kusankha mlendo mmodzi wolowa m'nyumba mwake. Ankati bubble. Mmodzi basi, sungakhale m'ma bubble awiri, ndipo ukasankha wasankha.

Amayi anga amakhala misewu itatu kuchokera kwanga, okhaokha chimwalirire bambo. Tsiku lomwe lamulolo linalengezedwa anagula mwendo wa nkhosa.

"Amayi, ndasankha... munthu wina."

Ndinawauza zimenezi pafoni.

"Mwamuna?"

"Mnzanga chabe."

"Tahlia, chibwenzi sichifuna bubble. Zibwenzi zikuyenderana kale, zili m'lamulo momwemo. Zaka zisanu kuyunivesite, mpaka ndichite kukuwerengera ine?"

Ndinkadziwa ndithu. Hamish ndinali nditamuuza zomwezo, iye n'kundigwira dzanja:

"Babe, mawu oti chibwenzi ndi olemera. Tisathamange. Tiyambe ndi bubble, zinazo zibwera zokha."

Ine ndi maphunziro anga onse ndinati koma ndiye mwamuna waulemu uyu!

Zinakoma, sindikana. Ankabwera Lolemba ndi Lachinayi ndi nsomba zowedza yekha, anakonza chitseko cha kubafa, ankatsuka mbale osachita kuuzidwa. Loweruka ndi Lamlungu ankati maboti amuchulukira. Lamlungu lomwelo amayi ankandisiyira nyama pageti, n'kuwoloka msewu, n'kuima kutsidya kudikira kuti nditulukire pakhonde tikwezerane manja.

Atakwanitsa zaka 70 anadula keke okha m'khitchini mwawo. Ine ndinawaimbira nyimbo ndili kuseri kwa mpanda, agalu a aneba akundithandiza.

Ndiye linafika Loweruka loyamba lotentha.

Anzanga, mchenga sunkaoneka! Magalimoto anaimikidwa mpaka pa kapinga wa anthu, mzere wa kuchimbudzi unakafika kokwerera basi. Ndinawerenga anthu mpaka chala chinachita dzanzi, ndinangosiya. Apolisi atabwera kudzabalalitsa gululo, anandipatsa mayi wina wapolisi kuti tiziyenda limodzi, thaulo ndi thaulo, kufunsa kuti uyu ndi ndani wako.

Pansi pa ambulera ina panagona mwamuna chafufumimba, mkazi wa chipewa chachikulu akumupaka kumsana mafuta oteteza kudzuwa. Msanawo ndinauzindikira tisanafike n'komwe.

"Awiri inu mwagundana chonchi, mumakhala nyumba imodzi?" anafunsa wapolisi uja.

"Ayi," anatero mkaziyo akumwetulira. "Koma ndi chibwenzi changa, chaka chachitatu chino. Ndine Imogen."

"Bambo, n'zoona?"

Hamish anatembenuka. Anaona maso anga pamwamba pa masiki.

"N'zoona, bwana."

"Chabwino." Wapolisi anandikodola. "Tiyeni kutsogolo, awa alibe mlandu."

Awa alibe mlandu...

Ndinamaliza ntchito yanga mpaka faifi, chifukwa panali anthu ena mazanamazana ofunika kuwakuwira. Kunyumba ndinawerenga lamulo lija katatu ngati ndikukonzekera mayeso. Chibwenzi amaloledwa kuchiyendera. Bubble amaloledwa kulowamo. Hamish anatiika ine ndi Imogen aliyense m'ndime yakeyake, osaphwanya ngakhale mzere umodzi. Wokonza maboti anawerenga lamulo kuposa loya.

Uthenga wake unali waufupi: "Sindinakunamizepo. Ndinakuuza kuti si chibwenzi."

Sindinalire. Ndinalibe mphamvu zake. Ndinangoimbira amayi.

"Amayi, mawa bwerani mudzalowe. Palibe atione."

"Ndipo akationa? Ganyu yako ija itha. Ukasankha wasankha, mwanangu, unandiuza wekha. Ndidzaima kutsidya monga mwa masiku onse. Wadya?"

Sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena.

Choncho, poti khoti lililonse limumasula, chigamulo ndapereka ndekha. Ndikufuna chipukuta misozi chotere: mliriwu ukatha, Hamish aziima kutsidya kwa msewu wa amayi Lamlungu lililonse kwa zaka zitatu, dzuwa lili paliwombo, malaya atavula, wosadzola kanthu kumsana, akuimba nyimbo ya tsiku lobadwa. Ife tizidya nkhosa m'nyumba, makatani ali otsekula.

Imogen nayenso adzabwere. Mpando wake ulipo, ndipo ndili ndi nkhani yoti ndimuuze ya Lolemba ndi Lachinayi.