Katoni Imene Ndinatumiza kwa Apongozi

Pakati pa Amalawi a ku Block 10, kuno ku Gaborone, munthu wodziwa za makompyuta ndinali ine. Ukatswiriwu sindinautenge kusukulu ayi, ntchito yanga ndi yophunzitsa jogalafe. Ndinaupeza kutchalitchi tsiku lina pulinta itakana kusindikiza nyimbo za kwaya. Ndinaizimitsa, n'kuiyatsanso, iyo n'kuyamba kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo amayi a kwaya ankandipatsa moni wopinda mawondo, ndipo ine sindinaone chifukwa chowauzira zoona.

Akazi anga ndi namwino. Chaka chimenecho ankachita maphunziro owonjezera a pa intaneti, ndipo mayeso omaliza anali Loweruka m'mawa, olembera pakhomo, kamera ikukuyang'ana. Lamulo linali loti ulembere pa kompyuta imene unalembetsa, ndipo pulogalamu yaikulu yoiyendetsa ikhale ya laisensi, osati yakuba. Ukafuna kusintha kompyuta, unene kudakali milungu iwiri. Iwo analembetsa laputopu yawo yakale, yolemera ngati njerwa, imene anagula ndi malipiro awo oyamba kuno ku Botswana.

Lachitatu laputopuyo inayamba kudandaula kuti malo achepa. Akazi anga ankathamangira kuntchito, ine sukulu zinali zotseka, ndiye anangoti, "Abambo, mufufuteko makanema a kwaya aja." Ndikanangomvera. Koma kufufuta makanema aliyense angathe, ndipo ine ndinali katswiri. Ndinatsegula pamene pamaoneka mapu a m'kati mwa kompyuta, ndipo mapu ndiye zanga zenizeni. Ndinaona zigawo zitatu. Chachikulu chinali chodzaza ndi zinthu zathu. Ziwiri zinazo, china chokulirapo ndi kena kakang'ono, zinalibe ngakhale dzina, zangokhala ngati mapuloti a kuno oti mwini wake anangotchinga waya n'kusowa. Ine malo ongokhala amandipweteka mtima. Kompyuta inandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndipo kawiri konse ndinavomera, ndikunyansidwa kuti ikundikayikira.

Kenako ndinaipatsa mankhwala anga aja, kuzimitsa n'kuyatsanso. Galasi linada bii, pakona pali kamzere kamodzi koyera konena kuti palibe choyambira. Ndinazimitsanso n'kuyatsa, kasanu ndi kawiri. Nzeru zanga zonse zinathera pomwepo.

Ndinaikulunga m'chitenje n'kukwera kombi ya ku Gaborone West, kumene bambo wina wa ku Zambia amakonza makompyuta m'kachipinda ka pakati pa owotcherera zitsulo ndi omata matayala. Ndinamuuza kuti yangozima yokha.

"Zonse zamene zibwela muno zimazima zeka, ba mudala," anatero, osaseka n'komwe. Anabaya fulashi yake, n'kuyang'ana kanthawi. "Aka kang'ono kamene mwachotsa ndiye kamautsa kompyuta. Iyi ikulu ni rikavare. Opanga amasungamo kope ya pulogalamu yonse, kuti zikavuta muibwezepo. Manje imwe mwatentha munda, mwadya na mbeu."

Anandilimbitsa mtima kuti manotsi ndi zithunzi atha kuzipulumutsa, ndipo pulogalamu yaikuluyo atha kuiikanso kuchokera pa fulashi. Chofunika chinali nambala ya laisensi, imene imakhala pa kapepala komata kunsi kwa laputopu. Tinaitembenuza. Kapepala kanalipo, koma kali mbee, zilembo zonse zitatha ndi zaka zokhulana ndi mawondo a akazi anga. Ndinafunsa zogula laisensi ina, iye n'kuti za mtundu wakalewu zinatha kalekale m'masitolo. Ndinatsitsa mawu n'kufunsa za yakuseri.

"Ningaike," anatero. "Koma ikabakana pakati pa mayeso, ba madamu bazabwela kuli ine kapena kuli imwe?"

Akazi anga ataweruka anandipeza nditasesa pabwalo, nditatsuka mbale, ndiponso nditathirira mpiru wawo. Anaima pachipata n'kufunsa, "Mwaononga chiyani?" Ndinafotokoza zonse, za mapu ndi mapuloti zomwe. Sanakalipe, ndipo chimenecho ndiye chinandiopsa. Anakhala pansi, n'kuvula nsapato pang'onopang'ono. Zaka ziwiri akuwerenga atatopa ndi odwala, ine n'kuzifufuta masana amodzi. Ndinachita manyazi oti ndikanalowa pansi.

"Nambala ija ndinailemba," anatero pomaliza. "Tsiku lomwe ndinagula. M'kati mwa katoni yake, pansi, ndi bolopeni yofiira."

Anamwino amalemba chilichonse, Mulungu awadalitse. Ndinathamangira pamwamba pa wadilopu, pamene Mmalawi aliyense amasunga makatoni a zinthu zimene anagula, a ketulo, a ayironi, a wailesi imene inafa kalekale. Ndinatsitsa onse. Ya laputopu panalibe.

"Musavutike," akazi anga anatero ali pakhomo. "Munaitenga nokha pa Khirisimasi ija, mukuti ndi yolimba. Munalongedzamo sopo ndi mafuta odzola, n'kutumiza kwa amayi ku Ntcheu. Aimbireni."

Apa ndiye mutu unaima. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pabanja, apongozi anga ndinali ndisanawaimbirepo foni. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sachezerana ngati anzake a pabawo. Tikapita kumudzi ndimawalonjera nditanjuta chapatali, maso ali pa nsapato, iwonso akuyankha akuyang'ana mtengo wa mango. Pafoni moni wanga unkadutsira mwa akazi anga, "akuti muli bwanji," ndipo yankho linkabwereranso njira yomweyo. Ndinapempha kuti aimbe okha. Iwo anati wofufuta ndi amene aimbe, n'kupita kukasamba.

Lachinayi m'mawa ndinavala malaya a kolala, ngati kuti andiona, n'kuimba. Ndinazindikira kuti ndanjuta pakati pa balaza foni itayamba kale kuitana.

"Kwagwanji, bambo?" anafunsa apongozi atamva mawu anga. "Mwana wanga ali moyo?"

Ndinawatsimikizira kuti tonse tili bwino. Ndinafunsa za mvula, za miyendo yawo, za mbuzi, mpaka nkhani zinanditheratu, ndiye ndinafunsa za katoni. Anati ilipo, ndi katoni yabwino zedi, ili m'khitchini. Anaikamo udzu, ndipo thadzi lawo lamawanga likufungatiramo mazira khumi ndi limodzi, kwatsala masiku asanu kuti liswe.

Ndinakulira kumudzi, ndiye ndinkadziwa tanthauzo lake. Nkhuku yofungatira saisuntha. Ukaichotsa, n'kugwiragwira mazira, n'kuyalula chisa, zina zimabwerera, koma zambiri zimanyanyala. Ndinafotokoza mochita chibwibwi kuti nambala ili pansi pa udzuwo, kuti mayeso ndi Loweruka, ndi kuti wolakwa ndine. 

"Ndiye kuti makinawo munawakonza mpaka kuwapha?"

"Eya, amayi."

Anaseka. Zaka zonsezo ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo pafupi chonchi, ndipo kunali kofanana ndendende ndi kwa akazi anga. "Gwirani foni, bambo, musadule," anatero.

Ndinamva chitseko, kenako nkhondo. Thadzi linkalalata, apongozi akulinyengerera kuti, "Pepa, mayi, ndi akamwini awa atituma." Ndinamva akuwerenga mazira limodzilimodzi powaika m'lichero, kenako kukwasakwasa kwa udzu. Iwo anaphunzitsako pulaimale zaka zambiri, choncho anati avale kaye magalasi, n'kundiwerengera zilembo makumi awiri ndi zisanu momveka bwino, zisanuzisanu, ngati akuitana mayina m'kalasi. Atatha anandiuza kuti ndiwawerengere zimene ndalemba, ndipo nditamaliza anati ndakhoza.

Masana omwewo ndinali ku Gaborone West. Bambo uja anaika pulogalamu kuchokera pa fulashi, ine ndikuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono, owotcherera akuthetheretsa moto kuseri kwa khoma. Itafunsa nambala ndinamupatsa pepala ndi manja awiri. Inazungulira, inazungulira, kenako n'kuvomera. Anabwezeramo manotsi onse, n'kupanga kope lina la rikavare pa fulashi yatsopano. Fulashiyo sanandipatse m'manja. Anaiika mu envelopu, n'kumata, n'kulembapo kuti ndi ya madamu.

Lachisanu akazi anga anayesa kamera ndi pulogalamu ya mayeso, zonse n'kuyenda. Loweruka m'mawa anapemphera, n'kulowa kuchipinda ndi laputopu ndi botolo la madzi, n'kukhoma chitseko. Kiyi ndinamumva bwinobwino akutembenuka kawiri. Ine anandiuza kuti ndikhale panja, ndisakhudze chilichonse chokhala ndi waya.

Ndinakhala pa njerwa pafupi ndi mpanda, ndikuonerera amisiri akukweza malata pa nyumba ya aneba. Foni inalira m'thumba. Inali nambala ya ku Ntcheu, ndipo ankaimbira ineyo.

"Walowa?" anafunsa apongozi.

"Alowa, amayi. Makina akuyenda."

"Chabwino. Ndimati ndimve."

Ndinafunsa za thadzi. Anati linakhalapo pang'ono Lachinayi lomwelo, kenako linadzuka n'kupita kukapalasa kudzala, ndipo silinabwererenso. Mazira anazizira onse. Anapiye amenewo ankafuna adzawagulitse akakula kuti akonzetse denga la khitchini, ndinkadziwa chifukwa akazi anga anandiuzapo. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Nkhuku iikiranso, bambo. Koma mwanayo musamuuze lero. Amalize kaye kulemba."