Lamulo la a Sandifolo pakhomo pathu

Amuna anga a Sandifolo ndi ouma mutu, ndipo ine Dorah ndawapirira mpaka imvi. Anabadwira konkuno ku Rutendo m'dziko la Zimbabwe, bambo awo atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi. Amuna angawo nawonso anakalambira pa ng'anjo ya fakitale ya zitsulo, akapitawo akuwakalipira m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza cha m'migodi. Ndiye atabadwa mwana wathu Arnold, anaika lamulo: m'nyumba muno Chingerezi basi, mwanayu asadzanyozedwe kuti ndi wobwera.

Chingerezi chake chiti? Eni akewo ankadziwa mawu okalipira okhaokha. Mwana akapempha madzi m'Chichewa, lamba. Akatuluka panja, Chishona ndi anzake mpaka dzuwa kulowa. Ife makolo Chichewa chathu tinkanong'onezana kuchipinda ngati tikuba.

Fakitale inatseka. Arnold lero ali ndi ana awiri, amayendetsa kombi yonyamula anthu ya ku Gokwe, ndipo Chingerezi chija sichinamupezere ngakhale ntchito ya ulonda.

Tsono chaka chatha abusa atsopano anati mapemphero a Chichewa a m'mawa athe, poti obwerako ndi nkhalamba zokhazokha. A Sandifolo, omwe ndi mkulu wa mpingo, anadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Kupatula kuchipinda kwathu, pa mapemphero amenewa ndi pokhapo pamene ankayankhula chinenero cha mayi awo mokweza.

Abusa anati, "Chabwino, bambo. Lamlungu likubwerali mmodzi mwa ana anu obadwira kuno awerenge Mawu m'Chichewa. Akapezeka, tipitiriza."

"Wanga awerenga," anatero amuna anga, osandiyang'ana n'komwe.

Sabata yonse Arnold akaweruka ankakhala pakhonde, fumbi la ku Gokwe lili mbuu m'tsitsi, bambo ake akumubwerezetsa ndime imodzimodziyo. Zinandinyansa. Ndinati, "Bambo a Arnold, chinthu munachipitikitsa ndi lamba, lero mukufuna chibwerere pa sabata imodzi?" Anangoti ndisawasokoneze.

Lamlungu lija Arnold anaima kutsogolo n'kuwerenga. Kunena zoona anawerenga bwino, osaphonya ngakhale pamodzi. Azimayi analuluta, abusa anavomera kuti mapemphero apitirire, a Sandifolo akupukuta maso ndi mpango. Ine ukali unalipobe, koma ndinasangalala nawo.

Potuluka, Arnold anandipeza pakhomo la tchalitchi. Sanaone kuti bambo ake ali kumbuyo kwake, atatambasula dzanja kuti amugwire paphewa. Anandifunsa m'Chishona, motsitsa mawu, "Mhamha, zvandaverenga zvinorevei?" Bambo wamkulu ndithu, kufunsa mayi ake tanthauzo la zimene wangowerenga yekha pamaso pa mpingo.

A Sandifolo anamva. Dzanja lija analibweza m'thumba.

Mapemphero a Chichewa akuchitikabe mpaka pano. Ine ndimapita ndekha. Iwo Lamlungu lililonse amati mwendo ukuwawa.