Khoma Lomwe Apongozi Anasenza

Amuna anga anali mkamwini kwathu ku Dambe, ndipo ankatsitsa katundu m'mathiraki paboda pa Mchinji. Kumeneko n'kumene anagula mabuloko oyera omangira nyumba. Anafika nawo pangolo, akunyada ngati agula galimoto.

Nditanyamula limodzi ndinaseka. Buloko lalikulu ngati pilo koma lopepuka, m'kati muli timabowo tokhatokha ngati buledi. Nditaliponya m'beseni linayandama.

"Bambo, anzanu akuwotcha njerwa, inu mwagula thovu?"

"Ndi simenti imeneyi, mayi," anatero. "Nyumba yake siitentha, komanso kumanga kwake sikutopetsa. Awa ngakhale amayi anga, ndi msana wawo uja, akhoza kusenza."

Ankamanga okha akaweruka, akudula mabulokowo ndi sowo ya matabwa. Khoma litafika pamawindo ndinasiya kuseka. Nyumbayo ndinaikonda, mpaka ndinasankhiratu chipinda cha ana. Kenako amuna angawo anadwala, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Kwathu kuno mkamwini akamwalira, abale ake ena amatenga njinga, wailesi, mwina mbuzi. Nyumba amaisiya. Si chifundo ayi, kungoti njerwa yowotcha ukaigumula umangotsala ndi zidutswa. Ndiye atatenga njinga sindinalire. Ndinati khoma lilipo, ndidzafolera ngakhale ndi udzu.

Titangometa maliro, alamu anga aakulu anazungulira khomalo akuligogoda ndi chala, kenako anapempha sowo. Ndinawapatsa ndi manja awiri, poganiza kuti akufuna kudula nkhuni.

Sowo inalowa m'khoma ngati ikudula chinangwa. Ankadula m'mbali mwa simenti yomangira, buloko n'kutuluka labwinobwino. Fumbi loyera linkagwera pamitu yathu yometa.

"Alamu, nanga ana a m'bale wanuwa adzagona kuti?"

"Ana ndi a kwanu, mayi. Awamangire amalume awo. Thukuta ili ndi la kwathu."

Anthu a m'mudzi anangoima n'kumaonerera, ena akuchita kuyamikira mmene sowo ikudulira mowongoka. Ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo ena mpaka lero sindiwapatsa moni.

Buloko lomaliza silinakwane pangolo imene alamuwo anabwera nayo. Apongozi anga, a msana aja, anapinda nsalu yawo kukhala nkhata, n'kudzisenza okha popanda wowathandiza. Atayenda pang'ono anatembenuka, akumwetulira.

"Koma mwana wanga ankadziwa kugula zinthu," anatero. "Silikumveka n'komwe pamutu."