Ndinakwecha mashelefu a ku Doha ndi mchenga

Inu owerenga, ine kulemba sindidziwa, akundilembera pafoni ndi mdzukulu wanga Chisomo. Ndamuuza kuti asakongoletse mawu ngakhale nkhaniyi ikukhudza mayi ake. Ndivomereze poyamba pomwe kuti ndinalakwa. Ndinawononga mashelefu a m'nyumba ya eni, ndipo pang'onong'ono akanandikweza ndege kubwerera ku Ntcheu mwamanyazi, khanda limene ndinadzalera ndisanalione likukwawa.

Mwana wanga, bambo a Chisomoyu, amagwira ntchito kuhotela kuno ku Doha. Akazi awo atachira anandiitanitsa kuti ndidzathandize kulera khanda lawo, Yamikani. Nyumba ndi ya lendi, ku Al Nasr, m'mwamba mwenimweni. Pabalaza pali chinthu amati faya pulesi. Moto wake ndi wabodza, wamagetsi, ulibe utsi, ulibe phulusa, mbatata sungaotchepo. Dziko lotentha chonchi munthu n'kuika moto pakhoma kuti azingouyang'ana! Uku ndi uku kwa motowo kuli mashelefu olowa m'khoma, kuchokera pansi mpaka kudenga.

Apongozi anga ankadandaula kuti mashelefuwo ada, asanduka achikasu, adzawapenta akapeza mpata. Pashelefu yapakati ankaikapo mbale yadothi yamaluwa, chinthu chokhacho chimene malemu mayi awo anawasiyira.

Tsono ine malemu amuna anga anali kalipentala. Zaka zonsezo ndinkawagwirira matabwa akamacheka, thabwa ndimalidziwa ngati chikhatho changa. Kwathu mpando ukada timaukwecha ndi mchenga ndi madzi, ukauma mbee! Tsiku lina mwana wanga ali ku dyute, apongozi apita ndi khanda kusikelo, ndinatsika n'kukatapa mchenga pamene akumanga nyumba. Ndinakwecha, inu. Madzi sindinaumire. Zitaoneka ngati zauma ndinabwezera chilichonse pamalo pake, n'kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

Sindinkadziwa kuti matabwa amenewo si matabwa. Ndi utuchi woumba ndi guluu, pamwamba n'kumatapo kapepala. M'mawa mwake anali atafufuma ngati mandasi. Masana shelefu yapakati inawerama, mbale ija pansi phwaa!

Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatola zidutswa zija m'chitenje n'kulowa kuchipinda. Amuna awo ataweruka ndinamva ndi makutu angawa apongoziwo akuwauza kuti, "Visa ya amayi musairinyuwe. Halasi." Halasi kuno ndiye kuti zatha. Visayo inali itatsala ndi milungu iwiri.

Iwe Chisomo usandiyang'ane choncho, lemba. Mayi ako sanalakwe.

Ndinachita chimene ndikanachita pachiyambi. Ndinagogoda kuchipinda kuja, ine nkhalamba, n'kukhala pansi pakhomo kupepesa. Ndinapempha kuti ndisanapite andilole ndikonze chimene ndawononga. Anangoti, "Chitani, amayi. Koma mbale ija sibwerera."

Mwana wanga anakapempha mwini nyumba, iye anavomera bola zikaoneke bwino. Mnzake wa mwana wangayo, dalaivala wa kwathu amene ali konkuno, anatibweretsera matabwa a mapaleti, aja amasanjikapo katundu, otayidwa kusitolo ya hotela. Nditawanunkhiza ndinamva paini weniweni, misozi inalengeza. Ine tepi sindiwerenga, ndiye ndinayeza ndi chingwe, n'kumanga mfundo pamene thabwa lithere, monga ndinkaonera amuna anga tepi ikasowa. Mwana wanga anaseka, akuti amayi izi ndi zakale. Iye anayeza ndi tepi yakeyo, thabwa loyamba linaperewera zala ziwiri. Langa lachingwe linalowa ndendende.

Lachisanu, tsiku lopuma kuno, tinali pakhonde la nyumba ya m'mwamba ija, thukuta kamukamu. Ndinamufunsa kuti, "Bambo a Chisomo, mwana wa kalipentala n'kumagwira sowo ngati mukucheka buledi?" Ndinamulanda n'kucheka ndekha awiri kuti aone. Kupala ndi sandipepa ndinapala ine, mpaka thabwa linasalala ngati tsaya la Yamikani. Kutsogolo kwa shelefu iliyonse ndinakhomerako kamtengo kotchinga, kuti chinthu chisatsetsereke. Penti ndinafunsa eni ake. Apongozi anayang'ana matabwawo nthawi yaitali, n'kunena kuti tisapente, tipake vanishi yokha kuti mizere ya mtengo izioneka. Awo anali mawu awo oyamba aatali kwa ine chiswekere mbale.

Titakhoma, ndinakweza thumba lalikulu la mpunga pashelefu yapakati n'kulisiya masiku awiri. Thabwa silinawerame ngakhale pang'ono. Mwini nyumba atabwera anasisita ndi dzanja, n'kufunsa nambala ya mmisiri. Mwana wanga analoza ine, nditabereka khanda kumbuyo. Bamboyo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anajambula mashelefuwo pafoni.

Atatuluka, apongozi anabwera ndi mbale ija, ataimata okha ndi guluu. Anaiika pakati, kuseri kwa kamtengo kanga kotchinga. Osandiyang'ana anati, "Yamikani akayamba kuimirira azidzagwira mashelefu apansiwa. Amayi, muzidzamuyang'anira." Mawa lake visa anakairinyuwa.

Lero Yamikani akuyenda. Amalendewera pashelefu yapansi, ndipo sigwedezeka. Alendo akabwera ndimawauza osadikira kufunsidwa kuti manja ake ndi awa.

Koma inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amene ana akukuitanani kunja, ndimvereni. Luso limene munabwera nalo ndi lenileni, musalibise. Koma m'nyumba ya mpongozi, musananyowetse chinthu, funsani kuti n'chopangidwa ndi chiyani, ndipo chakhalapocho n'cha yani. Mashelefu ndinapanga abwino kuposa akale, zimenezo sindingatsutse. Koma ndikamapukuta fumbi, chala changa chimadutsa pa mng'alu wa mbale ija, ndipo pamenepo sandipepa sagwira.