Manda Amene Bambo Anakumba ndi Mbale

Atangolowa m'balani ya fodya, ndinatuluka msanga, n'kukoka chitseko, n'kuchimanga ndi waya. Amene ndinawatsekerawo anali bambo anga ondibereka. Ndinalakwa. Ndikulemba kuti wina asadzachite zomwezi.

Sindine munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndinena monga zinachitikira, osakometsera.

Kwathu ndi ku Chulu. Ndimalima fodya ndi chimanga. Zimenezi zinachitika chaka chimene kolera inalowa m'midzi yathu, mvula ili pakati.

Bambo anali mkulu wa adzukulu, aja okumba manda. Maliro akagwa, uthenga unkayamba kufika kwa iwo. Ankadula bango, kukayeza malemu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupita nalo kumanda kuti dzenje lifanane ndi mwini wake. Manda okumba iwo sankagumuka. Ankanyadira zimenezo kuposa munda.

Atakalamba, mutu unayamba kutaya zinthu. Poyamba ankaiwala pomwe asiya fodya wawo wa m'mphuno. Kenako anayamba kufunsa kuti amayi apita kuti, pomwe amayiwo tinali titawaika kalekale. Akaona mkazi wanga, ankamuyesa mlendo. Ankathamangitsa ana anga kuti azipita kwawo. Koma ine ankandidziwa. Ankandiitana ndi dzina langa laubwana, limene panalibenso wina wolitchula. Zonse zinali zitawathawa. Chinatsala ndi dzina limodzi lokhalo, ndi ntchito ya m'manja mwawo.

Kolera itavuta, kunabwera wa zaumoyo pa njinga, pamodzi ndi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu. Anati madzi tiziwiritsa, maliro tisamasambitse, kumanda kuzipita anthu owerengeka, ndipo nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi. Tcheyamani anawonjezera kuti wophwanya lamulo akayankha kwina. Kwinako sitinkafunsa kuti ndi kuti.

Bambo zonsezo sizinkawalowa. Akangomva kulira, ankanyamula khasu lawo la mpini waufupi n'kuuyamba. Ndipo kulira kunali kwa tsiku ndi tsiku. Kawiri ndinakawagwira panjira. Kachitatu ndinawapeza atalowa kale m'nyumba ya maliro, atagwira nsalu ya malemu. Ndinawasambitsa m'manja ndi sopo iwo akunditukwana. Khasu ndinalibisa padenga la nkhokwe.

Chimene chinaswa zonse ndi ichi. Mnansi wathu, a Chisale, anadwala. Anawagoneka pamphasa pakhonde, akupuma, maso akuphethira. Ine ndinali kumunda. Bambo anapita kudambo, n'kudula bango, n'kukagwada pambali pawo, n'kuyamba kuwayeza. Munthu wamoyo. Mkazi wa a Chisale anakuwa mpaka mudzi wonse unathamangira. M'mawa mwake a Chisale anamwalira.

Inu owerenga, mukudziwa kale zimene anthu ananena. Anati nkhalambayi yakhala ikudya anthu kuyambira kale, tsopano yangotaya manyazi. Mayi wina anandiimitsa panjira nati, "Bango lotsatira akayezere kwanu komweko." Tcheyamani anandiitanira pambali. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, madalawa muwasunge. Akaonekanso panja, anyamata sindidzatha kuwaletsa."

Mkazi wanga anamanga katundu, n'kutenga ana, n'kupita kwawo ku Lisasadzi. Sindimuimba mlandu. Ankaopa matenda, ankaopanso moto padenga. Mlongo wanga wokwatiwa ku Kaomba ndinamutumizira uthenga, koma nayenso anali ndi wodwala m'nyumba. Tinatsala awiri.

Kuseri kwa nyumba kunali balani yakale ya njerwa, yopanda zenera, imene ndinali nditasiya kuwotcheramo fodya. Ndinasesamo, n'kuikamo mphasa, bulangeti ndi ndowa. Kenako ndinawanamiza. Ndinati, "Bambo, bwerani mudzandionereko ngati dengali likudontha." Analowa akumwetulira, posangalala kuti ndawafunsa nzeru. Mpamene ndinatseka.

Tsiku loyamba anamenya chitseko mpaka manja anatopa. Kenako anayamba kuitana dzina lija. Munda wanga wa fodya unayambira pomwepo kuseri kwa balani. Ndinali ndikubandira, ndipo ndinkamva bwinobwino. Sindinayankhe.

Nzeru yanga inali ya kukhola. Thole ukalisiyanitsa ndi mayi wake limalira masiku atatu, ukapanda kulilabadira limaleka lokha. Ndinkati ndikangoyankha kamodzi, ayesa kuti nditsegula, ndiye sadzalekanso. Ndinaganizira bambo anga ngati thole. Pamenepo mpomwe panali kupusa kwanga.

Chakudya sindinawamane. M'mawa ndi madzulo ndinkatsegula pang'ono, kulowetsa mbale ndi madzi owiritsa, kutulutsa ndowa, n'kutsekanso. Ndinkachita izi nditayang'ana kumbali, pakamwa nditatseka, kuopa kuti maso athu akakumana ndigonja. Iwo ali mumdima muja ankangoona dzanja.

Anaitana masiku asanu. Mawu anayamba ndi ukali, kenako kudandaula, kenako kunyengerera, monga ankachitira ndili mwana ndikabisala m'chimanga. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunali zii. Ndinatchera khutu pachitseko, n'kumva akupuma ndi kupalasa pansi. Mumtima ndinati nzeru yanga yagwira. Tsiku lomwelo mbale yachitsulo sinabwerere. Sindinafunse. Ndinangotenga ina.

Nthawi yonseyi palibe anaponda pabwalo panga. Anthu ankalambalala kudzera m'munda. Kutchalitchi ndinasiya kupita, poti benchi imene ndikanakhalapo ikanatsala yanga ndekha. Ndinkadya chiimire. Nthawi zina ndinkadzipeza ndikuyankhula ndi nkhuku. Munthu yekhayo amene ankanditchulabe dzina anali wa m'balani uja, ndipo ndinali nditamutontholetsa ndekha.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri wa zaumoyo uja anabweranso kudzathira mankhwala m'chitsime ndi kuona zimbudzi. Changa anapeza sindinayambe n'kukumba komwe. Anafunsa za bambo. Ndinaloza balani. Anayang'ana waya uja. Kenako anati, "Akulu, madalawa si mfiti. Ubongo wangotopa. Manja awo amafuna kukumba, inu mukusowa wokumba chimbudzi. Bwanji simunawapatse khasu, azikumba pano pakhomo, inu muli pambali pawo?"

Khasu linali padenga la nkhokwe, malo a chimbudzi anali apo. Akanatopa ndi ntchito, madzulo akanagona. Akanamva kulira kumudzi, ndikanangowauza kuti tiyeni timalize kaye dzenje ili. Zinali zapafupi choncho.

Ndisananene zimene ndinapeza nditatsegula, ndiyambe ndakuuzani mapeto ake. Bambo sanafe ndi kolera. Anyamata a tcheyamani sanawakhudze. Matenda atatha, mkazi wanga anabwerera ndi ana. Bambo anakhala nafe mvula zina ziwiri. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndi kuwadyetsa. Ndikamaliza ankaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo bwana." Dzina langa lija sanalitchulenso mpaka tinawaika.

Tsono inu amene muli ndi kholo loiwalaiwala, mverani. Matenda akagwa m'dziko, adzakuuzani kuti aliyense akhale pakhomo pake. N'zoona, khalani. Koma kusunga munthu si kumutsekera. Fufuzani chimene manja ake akukumbukira, mumupatse. Ngati ndi kusenda mtedza, asende. Ngati ndi kukumba, akumbe. Anthu akayamba kunena za ufiti, musabise wodwala ngati nanunso mwavomereza. Pitani kwa a zaumoyo akawafotokozere. Ine ndinachita manyazi, sindinapite.

Koposa zonse, akakuitanani, yankhani. Ngakhale akuitaneni kakhumi pa ola limodzi, ngakhale muli kuseri kwa chitseko chimene simungatsegule. Ingonenani kuti, "Ndili pano." Inu mumadziwa kuti mulipo. Iye sadziwa. Amadziwa pokhapokha akamva mawu anu.

Tsiku lija, wa zaumoyo atachoka, ndinamasula waya uja n'kutsegula chitseko chonse.

Kuwala kutalowa, ndinaona dothi litaunjikidwa bwino mbali imodzi. Pakati pa balani panali dzenje lofika m'mawondo, makona ake owongoka ngati wachita kuika chingwe. Mbale yachitsulo ija inali pansi, itapindika. Zala za bambo zinali zitang'ambika. Pambali pa dzenje panagona mikangala iwiri, ndodo zija timapachikapo fodya, atailumikiza ndi chingwe kuti ikhale muyezo. Bambo anali aafupi. Dzenjelo linali lalitali.

Anadzuka movutikira, n'kuomba m'manja monga amachitira munthu polonjera mlendo.

"Pepani bwana," anatero. "Khasu anandilanda. Ndangoyesetsa ndi mbale."

Ndinafunsa kuti, "Manda a ndani awa, bambo?"

"A mwana wanga."

"Mwana wanu ndine. Si ndili pano?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenako anapukusa mutu.

"Iyayi bwana. Wanga uja ndikamuitana amayankha. Ndaitana masiku ambiri. Matendawa am'tenga."

Anawerama, n'kutola muyezo uja, n'kuuimika pambali panga. Unathera ndendende pamutu panga. Anagwedeza mutu mokhutira, monga ankachitira ntchito ikayenda bwino.

"Msinkhu wake ndi ngati wanuwu," anatero. "Kodi mundithandizako kukamunyamula? Ndekha sindingathe. Anthu onse athawa."

Anaima pamenepo akudikira yankho, muyezo uli m'manja. Ndinasiya chitseko chili chotsegula, n'kutembenuka, n'kulowa m'mizere ya fodya, ndikungoyenda, osanena kanthu.