Nambala ya Achemwali Anga a Wietske

Achemwali anga a Wietske sadziwa kukhala pansi. Buledi wa tchizi amadyera panjinga, mvula ya mu Amsterdam ikuwamenya kumaso. Koma munthu yemweyu anatha zaka m'chipinda chopanda mawindo, akuponya kuwala kwamphamvu kotchedwa leza pakati pa magalasi awiri, kuyeza mmene tizidutswa ta mpweya wa haidrojeni timanjenjemerera. Zaka zonsezo, kufuna nambala imodzi basi!

Tsoka lake, ku France ena anayezanso zomwezo, nambala yawo n'kusiyana ndi ya achemwali chakumapeto kwenikweni. Ndipo mkulu wawo, a Pulofesa Delorme, anali m'gulu lodzafunsa achemwali mafunso kuti apatsidwe digiri ya udokotala wa maphunziro.

Kwathu kuno mafunsowo amatha ola likakwana. Wandodo wa payunivesite, wosunga nthawi, amalowa n'kumenya ndodo pansi, ngakhale munthu ali pakati polankhula.

"Uzikangozungulira, mwanawe," bambo anawauza achemwali. "Ukamuyamikire Delormeyo chifukwa cha funso lake, ukamwe madzi, ukatsokomole. Ndodo ikakupulumutsa."

"Bambo, inu kasitomala wa nsomba mumamuchenjerera choncho?" anafunsa achemwali.

"Nanga munakulira chiyani?"

Tsikulo ine ndinakhala pambali pawo monga woperekeza, suti yobwereka ikundithina m'khwapa. Palibe anandiyang'ana, ndithu. A Delorme anafunsa pomaliza, ola litatsala pang'ono kukwana.

"Mayi, tiuzeni. Yolakwa ndi iti, nambala yanu kapena yanga?"

Phazi la achemwali linkagunda pansi mosalekeza. Kuseri kwa chitseko ndinamva nsapato za wandodo.

"Imwani madzi, achemwali," ndinanong'ona.

"Khala chete iwe." Kenako anakweza mawu, mothamanga ngati akuopa kupulumutsidwa. "Sindikudziwa, a Pulofesa. Mzere umene makina anga amajambula ndi wopendekeka, ndipo chifukwa chake sindinachipeze. Mwina yolakwa ndi yanga."

Bambo anagwira mutu. Ndodo inagunda.

Akuluakulu atatuluka kukakambirana, achemwali anazungulira khonde lonse akuluma zikhadabo. Udokotala anawapatsa.

Tikudya keke, a Delorme anabwera. "Mzere wanganso ndi wopendekeka, a Dokotala. Bwerani ku France tidzaone limodzi."

Achemwali anandiponyera satifiketi ngati ambulera, n'kutulutsa foni. "Sitima ya ku France imanyamuka nthawi yanji mawa?"