Narelle Anayang'ana Pansi pa Ubweya

Narelle Pickering analephera mayeso omaliza a sekondale kawiri konse. Mutu unali bwino, koma matumbo ake ankatupa ndi kuchita zilonda, moti chaka chachiwiricho anagona m'chipatala miyezi itatu. Pobwerera kufamu ya bambo ake kufupi ndi tauni ya Dubbo anali atatsala mafupa okhaokha, anzake onse atapita kuyunivesite.

Bambo akewo, a Des, sankadziwa kutonthoza munthu. Ankangomutenga kukhola kuti azikafufuza limodzi nkhosa zogwidwa mphutsi.

Atapezako bwino anapita ku Sydney, n'kupeza ntchito yotsuka mabotolo m'labotale ina yofufuza matenda ake omwewo. Mkati mwa mlungu ankatsuka, Loweruka ankawerenga. Anapempha malo kuyunivesite katatu, katatu konse anamukana.

Akatswiri a pamenepo ankadula tizidutswa ta khungu la m'kati mwa matumbo a odwala. Ankayeza majini, malangizo obadwa nawo amene amakhala m'maselo a thupi, kuti aone amene adzuka ndi amene agona. Ankafuna kupeza pamene kutupa kumayambira, koma zaka ziwiri zinatha osapeza kanthu. Ankadula pazilonda pokhapokha.

Tsiku lina pa tiyi wam'mawa, Narelle anafunsa chifukwa chake sankadulanso pamalo ooneka abwinobwino. Anati iye ululu umamuyamba milungu ingapo chilonda chisanaoneke.

"Achemwali, sopo wakulowani m'mutu kapena?" anatero Craig, mmodzi wa akatswiriwo, akuseka.

"Inu achimwene simunagwirepo nkhosa," anayankha Narelle. "Mphutsi zimayambira pansi pa ubweya woyera. Mukadikira kuti pade, mwachedwa."

Dokotala Vuong, mayi woyang'anira labotaleyo, sanaseke nawo. Analamula kuti ayese kudula pamalo opanda zilonda pa odwala khumi ndi awiri. Mwa asanu ndi atatu, majini ena anali atadzuka kale pakhungu losalalalo.

Mayiwo analemba okha kalata yopita kuyunivesite, ndipo ulendo wachinayi Narelle anamulandira. Lero Narelle amamwabe mankhwala, ndipo masiku ena matumbo amamugoneka ndithu. Koma tizidutswa tija amatiyeza yekha tsopano, ndipo Craig amagogoda asanalowe mu ofesi yake.

Inu amene matenda kapena mayeso anakugwetsani, musataye zimene munaphunzira muli pansipo. Osagwa mphwayi. Funso lanulo lifunseni ndithu, ngakhale akusekeni.